Kalata kwa Jafali ku South Bend, America

Mangochi, Loweruka usiku

Aise Jafali,

Uthenga wako unafika Lachitatu, zithunzi zonse zinatseguka, ndipo kavidiyo kaja ndakaonera mpaka bandulo kutha. Kuno tadzuka, ana akusewera, amayi ako ndinawaona dzana ali pakhonde akusankha mpunga. Za anthu ndinena kutsogoloku. Ndiyamba ndi galimoto chifukwa ndi imene yandilanda tulo.

Ndiye wagula Mazda Miata, iwe ndi miyendo yako ija? Pachithunzi mawondo ali m'mbali mwa chiwongolero, mutu uli pamtunda. Yusufu atakaona anafunsa kuti matumba a chimanga umaika pati, poti kwa iye galimoto imene singanyamule anthu 9 ndi nkhuku zawo kupita ku Makawa ndi ndalama zotaya. Anyamata onse a pagalaja anafa nacho chiseko. Koma ine kagalimoto kameneka ndimakapatsa ulemu. Kanatuluka koyamba mu 1989, ndi kopepuka, kamakankha ndi matayala akumbuyo, injini yake si yolusa, ndiye munthu wophunzira amamva m'chiuno chilichonse chimene tayala likuchita pansi. Wasankha bwino. Chimene sichinandisangalatse ndi chitsulo chija wamangitsa kumbuyo kwa mipando, roll bar. Ndakulitsa chithunzi ndi zala mpaka chachita mbuu, ndipo ndikuona kuti ukavala helemeti mutu wako ukulingana ndi chitsulocho, mwinanso kuposa. Galimoto ikagudubuzika, chimene chili pamwamba ndicho chimayamba kugunda pansi. Tsitsa mpando, chotsa siponji ngati kuli kotheka, kenako unditumizire chithunzi china uli m'kati, helemeti ili kumutu, wojambula ataima m'mbali.

Dzina la bungwe lanulo latipatsa ntchito kuno. Che Saidi anamva kwa mlongo wako kuti walowa NASA, ndipo pofika Lachisanu potuluka ku mzikiti theka la Mpondasi linali litadziwa kuti mwana wa Abiti Mussa akupita ku mwezi. Ndayesa kuwafotokozera kuti iyi ndi ina, National Auto Sport Association, ya anthu wamba okonda kuthamangitsa galimoto zawo pamsewu wotsekedwa, imene inayamba mu 1991. Iwo akuti mwanayo ndi wodzichepetsa, sangaulule zonse. Ndiye ukadzabwera udziwiretu, akufuna uwauze ngati mwezi wa Ramadhani umaoneka msanga ukakhala pafupi nawo.

Tsono ndibwereze zimene walemba, uone ngati ndamva bwino. Chimene ukufuna ndi layisensi ya Time Trial, mpikisano wolimbana ndi wotchi, wosakankhana mabampala ndi anzako. Koma sangakupatse chifukwa choti uli ndi ndalama kapena uli ndi layisensi ya pamsewu. Umayamba ndi masiku ophunzira aja mukuti HPDE, ndipo ali ndi makwerero 4. Pa loyamba mlangizi amakhala pampando wa pambali, akukulankhula kona iliyonse, apa ponda buleki, apa khota, apa dikira. Kupitirira mnzako ndi pamalo owongoka okha, ndipo mpaka wakutsogoloyo atulutse mkono pawindo n'kukuloza mbali yoti udutsire. Pa lachiwiri umakhala wekha m'galimoto koma lamulo la mkono lidakalipo. Pa lachitatu malo opitirirana amachuluka, liwiro limakwera. Pa lachinayi mumapitirirana paliponse pamene pali mpata, ngakhale pakona. Ukakhazikika pamenepo, akuluakulu a Time Trial a dera lanu ndi amene amakuyang'ana, mwina wina n'kukwera nawe, ndipo akakhutira ndi pamene chiphaso chimatuluka. Iwe wangokwera kumene pa lachiwiri ku Gingerman Raceway, msewu wa mpikisano wa ku South Haven uja, ndipo m'mawu ako ndamva kale kuti lachinayi likukuchedwera.

Aise, usawathamangire makwererowo. Ine ndawerenga ndondomeko imeneyi ndipo mtima wanga wapweteka ndi nsanje, ya mtundu wabwino. Munthu wamkulu wodziwa kuyendetsa, wosiya banja lake Loweruka, kudzakhala pambali pako m'galimoto yoti ikagunda naye avulala, n'cholinga choti akuphunzitse kuyang'ana kutali. Ife anatiphunzitsa ndani zimenezi? Che Mdala anatikweza mu Canter yawo pabwalo la mpira, natiuza kuti giya ndi iyi, kilatchi ndi iyi, mbuzi ukaiona liza huta. Zina zonse tinaziphunzira pamsewu, anthu ali m'kati. Walemba kuti mlangizi wakoyo amakudzudzula chifukwa umayang'ana pabonati ndipo umakhota msanga. Akunena zoona, umatero kuyambira kale. Pakona ya pachipilala cha wotchi paja, potsikira kumlatho, unkadula mpaka tayala lakumbuyo kukwera m'mphepete, ine ndili pambali ndikukuwa. Ukalowa kona msanga, umatuluka msewu utakuthera. Ukachedwa pang'ono kukhota, galimoto imatuluka itawongoka kale ndipo moto umauponda msanga. Mzungu wakoyo mumvere, ndipo ngati angavomere kukweranso nawe ngakhale wafika poyenda wekha, mupemphe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za mbendera zija uziloweze mpaka uzizilota. Yachikasu, kutsogolo kuli vuto, usapitirire munthu. Yofiira, ima bwinobwino m'mbali pamene woimika mbendera akukuona. Yakuda, akukuitana iweyo, tuluka ukamve mlandu. Yabuluu ya mzere wachikasu, yang'ana pagalasi, wina wakupeza. Ya mizere yofiira ndi yachikasu, pansi pali oyilo kapena zinyalala. Mu kavidiyo kako, chakumapeto, pali munthu ali pakanyumba kumanja akugwedeza yabuluu, ndipo galimoto yoyera yakhala kumbuyo kwako makona angapo. Mkono wako sunatuluke. Ndinakuwa pano ndekha mpaka mayi a Fatima anabwera kudzaona ngati kwalowa njoka. Anthu opereka layisensiwo chimene amayang'ana ndi chimenechi, ngati munthu akuona zomuzungulira. Liwiro aliyense ali nalo kuphazi.

Koma zonsezi ndi zazing'ono. Chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi chiganizo chimodzi chimene unachiponya pakati ngati nkhani yoseketsa. Unati madzulo, mutazungulira kambiri, buleki inayamba kufewa, phazi likumalowa pansi kuposa m'mawa, koma utapopa kawiri inabwerera. Jafali. Iwe unakulira pagalaja. Ukudziwa tanthauzo la buleki yofuna kupopa.

Brake fluid wako, mafuta a buleki aja, anawira. Ndikufuna undiuze kuti m'galimotomo muli wamtundu wanji ndipo anathiridwa liti, osati zimene anakuuza amene anakugulitsa, koma zimene waona ndi maso ako. Mafuta amenewa amamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, ngakhale chivindikiro chili chotseka. DOT 3 watsopano, malamulo ake amati asawire pansi pa madigiri 205, koma akamwa madzi malire ake amatsika kufika pa 140. DOT 4 ndi 230 ali watsopano, 155 atamwa madzi. DOT 5.1 ndi 260 ndi 180. Ona kusiyana kumeneko. Galimoto yakale yogula kwa munthu, mafuta ake akhoza kukhala a zaka zambiri, akuda bii, ndipo m'tauni sungadziwe chifukwa pa maloboti buleki sitentha. Koma iwe ukutsika kuchoka pa liwiro lalikulu kona iliyonse, mphindi 20 osapuma. Ndipo kutentha sikukwera molingana ndi liwiro. Kuimitsa galimoto yothamanga makilomita 160 pa ola kumatulutsa moto kanayi kuposa yothamanga 80, osati kawiri. Moto wonsewo umalowa mu disiki, kuchoka mu disiki kupita ku mapadi, ku pisitoni, mpaka kumafuta. Akawira mumapaipi mumabadwa nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Phazi limangopita pansi, fwaa, galimoto osamva kanthu. Tsiku limene unapopa kawiri n'kubwerera unapatsidwa chenjezo laulere. Lachiwiri silibwera ndi mpata wopopa.

Khetsa onse. Usangowonjezera pamwamba, khetsa mpaka kutayala lililonse kutuluke oyera. Gula DOT 4 wa mpikisano, monga Motul RBF 600 amene ali watsopano amapirira kupitirira madigiri 300, ndipo botolo likhale losatsegulidwa. Lotsala usalisunge miyezi n'kudzathiranso. DOT 5 wopanda kadontho ndi 1 kumapeto usamukhudze n'komwe, ameneyo ndi wa silikoni, sasakanizika ndi enawa. Mapadi nawonso ali ndi kufooka kwawo kosiyana. Akapsa, phazi limakhala lolimba gwa koma galimoto siima, ndipo fungo lake umalimva. Mapadi a m'tauni sanapangidwire moto umenewo. Ika ena opirira, ndipo akatha theka usawawerengenso kuti alipo, chifukwa padi yopyapyala imadutsitsa moto msanga kupita ku mafuta. Mapaipi a labala aja akumatayala uwapinde ndi dzanja uone ngati ali ndi ming'alu. Mbendera yomaliza ikatuluka, zungulira kamodzi mofatsa osagwiragwira buleki kuti mphepo izizire zitsulo. Ukaima usakoke handibuleki, siya m'giya, apo ayi mapadi amamatirira pa disiki yotentha ndipo mawa buleki izinjenjemera. Manati a matayala uziwayesa ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa nati ija, m'mawa uliwonse, zitsulo zitazizira, osati kudumphira pa wilo sipanala ngati mmene amachitira Yusufu.

Ukuti asanakulole kulowa galimoto imayesedwa, pali fomu ya tech inspection. Ndi bwino. Koma fomu imasainidwa m'mawa galimoto ili yozizira, mafuta amawira 3 koloko masana.

Ukudziwa chifukwa chake ndikulimbikira chonchi, sindikufuna kuchita kutchula. Koma nditchula, poti uli kutali ndipo mwina zinayamba kufufutika. Twaibu sanali dalaivala woipa. Msewu wotsika kuchoka ku Namwera ankaudziwa kona ndi kona, Chowe yense anali m'manja mwake. Lole inali yodzaza, iye anatsika ndi phazi pa buleki m'malo motsika ndi giya, ndipo pofika makona akumunsi phazi linapita pansi. Amene anapulumuka anati anamumva akupopa, akupopa. Ine ndi amene ndinapita ndi Che Mdala kukakoka chotsala. Nditatsegula kabotolo ka mafuta a buleki, zimene zinali m'menemo zinali matope. Botolo latsopano nthawi imeneyo mtengo wake sunkafika ngakhale pa chambo ziwiri za pamsika. Mkazi wake mpaka lero amagulitsa zitumbuwa pa depoti, mwana wamkulu uja anasiya sukulu ali pa kabaza. Ndikamuona akudutsa pagalaja pano, atakweza anthu awiri, helemeti ili pachigongono, ndimamuitana kuti ndione mabuleki ake ulere. Nthawi zina amaima.

Ndiye usandiuze kuti kumeneko n'kosiyana chifukwa kunja kwa kona kuli kapinga ndipo ambulansi imakhala yoima pomwepo. Ndamva, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti Gingerman ndi yotakasuka choncho. Koma walembanso kuti chaka chamawa ukufuna Mid-Ohio, ndipo kumeneko ndaona pa YouTube, zipupa zili pafupi.

Kuno kukutentha, aise, dzuwa la October lija loti phula limafewa pa depoti. Magetsi akuzima nthawi imene ndayatsa kompuresa, ngati pali wina amandiona. Sipanala ya 10 yasowanso. Iyi ndinaimanga ndi chingwe pa bokosi, chingwe chilipo, sipanala palibe. Mnyamata watsopano uja, mphwake wa Che Saidi, akuti sanaione, koma iye ndi amene anamasula batire la Sienta ya aphunzitsi. Ntchito amaigwira, mphamvu ali nazo, vuto lake amamanga boti mpaka kudula, ndiye theka la tsiku limathera kuchotsa zodukira m'kati. Mayi a Fatima anachira bwino, ndi mwana wamwamuna, tamutcha Twaibu, tsiku lometa tsitsi amayi ako anabwera ndi nkhuku. Ndipo mapadi amene akubwera masiku ano, Jafali, ndi chinyengo chokhachokha. Bokosi lokongola, dzina lodziwika, koma ukamanga lero mwezi usanathe galimoto yabwerera ikulira tswii, padi yasweka ngati mbaula yagwa pansi. Mwini galimoto amanyoza ine, sapita kukanyoza wa shopu. Wina ndinamuuza kuti agule enieni ku Blantyre, atamva mtengo anati bola akawotcherere akale. Anthu 9 m'galimoto, ana ali pamiyendo. Mafuta a galimoto nawo akasowa timagona pamzere, ndiye anyamata amagula a m'zigubu osakaniza ndi parafini, mawa lake ali pano kuti injini ikugogoda.

Chikonzereni msewu wa Liwonde anthu akuuluka. Usiku ndimamva ndili pabedi, njinga zamoto ndi tima Vitz tochotsa sailensa, akupikisana pamalo owongoka a msewu wa Monkey Bay. Anyamata amenewa ali ndi njala yomweyo imene ili mwa iwe, imene inali mwa ife. Kusiyana kwake, iwe wapeza malo otsekedwa, opanda ng'ombe, opanda ana ochokera ku madrasa, opanda lole yoima pakati pamsewu ndi nthambi za mtengo m'malo mwa triangle. Iwo alibe koitulutsira, alibenso wowauza kuti yang'ana kutali. N'chifukwa chake ndikakwiya nawe pa za buleki usaganize kuti ndikunyoza masewerawo. Ndikanakhala ndi njira ndikanawanyamula onse kuwaika pa khwerero loyamba lija, aliyense ndi mlangizi wake pambali. Ndimaganiza zimenezi ndikamawongola mafoloko a njinga zawo.

Tibwerere kwa iwe. Pali zinthu ziwiri zimene sunalembe, ndipo kusalemba kwakoko ndakumva. Choyamba, Miata imeneyi ndi yomweyo umapitira kuntchito? Pachithunzi china ndaona yunifolomu yako pampando. Inshuwalansi wamba kawirikawiri salipira ngozi ya pamsewu wa mpikisano, werenga pepala lako mpaka timalemba ting'onoting'ono. Ilipo ina yogula padera ya masiku amenewo, ufunse mtengo wake, ndipo ufunsenso ngati imagwirabe ntchito wotchi ikayamba kuwerengedwa, chifukwa Time Trial ndi mpikisano, si sukulu. Ukaiphwanya Lamlungu, Lolemba upita bwanji kukasamalira agogo ako achizungu aja? Ndipo ndalama ya mankhwala a BP a amayi ichokera kuti mwezi umenewo? Sindikuwerengera m'thumba mwako. Ndalama ndi zako, wazikhetsera thukuta usiku anzako akugona, ndipo munthu sangakhale moyo wongotumiza kumudzi. Uli ndi ufulu wosangalala. Ndikungoti matayala, mapadi, ndalama yolowera, helemeti ya Snell ija imene muyezo wake amausintha zaka 5 zilizonse, zonsezi uzilembe papepala chaka chisanayambe, uone ngati zikukwana popanda ngongole.

Chachiwiri, kavidiyo kaja kanajambulidwa Loweruka m'mawa, ndipo Lachisanu usiku unandiyankha uthenga uli pa shifiti. Ndiye unatuluka kuntchito, n'kuyendetsa mpaka ku South Haven, n'kuvala helemeti osagona? Usadzabwerezenso. Maso a tulo amaona mbendera mochedwa. Sinthana ndi mnzako shifiti, kapena tsiku limenelo likupite, lina libwera.

Amayi ako sakudziwa. Iwo ali pa nkhani ya Che Saidi ya mwezi ija, ndipo amaseka nayo chifukwa akudziwa kuti ndi bodza, koma zoona zake palibe wawauza. Dzana anandifunsa kuti, "Mnzakoyo akuti walowa chiyani?" Ine ndinati ndi kalabu ya okonda galimoto. Sindinaname, koma pobwerera kunyumba mtima sunali m'malo. Uwauze wekha. Uwauze kuti pali mlangizi, pali ambulansi, onse amalowera mbali imodzi, palibe wobwera kutsogolo. Akamvera kwa ana a pa Facebook ndi kavidiyo kali m'manja, BP ija ikwera ndipo wothamanga nawo kuchipatala ndi ine. Asiyatu ukwati wake wakhazikika pa December, mwamunayo ndi wa ku Malindi, ali ndi maboti awiri, ndi munthu waulemu ngakhale injini zake amazisamala moipa.

Tsono za wotchi. Pamene uli panopa nthawi sawerenga, ndipo anachita dala. Ukadzalowa Time Trial adzamanga kabokosi kaja, transponder, ndipo ukamadutsa pamzere nthawi yako izilembedwa yokha. Chowerengedwa ndi ulendo umodzi wokha wozungulira, umene wathamanga kuposa ena onse. Magulu amawagawa poyerekeza kulemera kwa galimoto ndi mphamvu ya injini, kuyambira TT1 ya zilombo mpaka TT6 kumene ukuti kako kakagwera, ndipo akhoza kukuika pasikelo iwe uli m'kati. Apa ndiye ndasangalala, miyendo yako ija idzakhala ndi ntchito. Lamulo lina limene walemba landikomera kwambiri, loti ukatulutsa matayala onse 4 kunja kwa msewu kapena galimoto ikatsetsereka n'kutembenuka, nthawi zako za gawo limenelo zimafufutidwa. Amene analemba lamulo limenelo amadziwa mtima wa mwamuna. Koma ndimakudziwanso iwe. Pa bawo sunkavomera kugonja, unkafuna kubwereza mpaka nyali kutha mafuta. Tsiku limene udzaone kuti wina wa gulu lako wakuposa ndi theka la sekondi, udzafuna kulipeza pochedwetsa buleki pakona ya kumapeto kwa msewu wowongoka. Pamenepo ndi pamene mafuta amakhala atatentha kale. Theka la sekondi limapezeka potuluka pakona mowongoka ndi kuponda moto msanga, funsa mlangizi wako ngati ndikunama. Ndiponso usayambe kugula zowonjezera mphamvu ya injini. Ndalama yoyamba ipite ku mabuleki, yachiwiri ku matayala, yachitatu ku masiku ena ophunzira. Injini isiye mmene anaipangira a ku Japan.

Matayala ndanenapo? Mpweya umakwera tayala likatentha, ndiye uziyeza ukangotuluka, ulembe m'kope, tayala lililonse palokha, pamodzi ndi mmene kunja kunalili. Ukadzapita kwa akuluakulu aja kukapempha chiphaso, munthu wobwera ndi kope lodetsedwa ndi girisi amaoneka mosiyana ndi wobwera ndi pakamwa pokha.

Ukuti chisanu chayandikira, misewu yanuyo atseka mpaka chipale chofewa chisungunuke. Ndiye uli ndi miyezi yonseyi yopanda chifukwa chothamangira. Ikweze pa majeke, uchotse matayala onse, unditumizire zithunzi za ma disiki, mapadi, mapaipi, ndi kabotolo ka mafuta chivindikiro chili chotsegula. Tidzakonza limodzi pa foni, iwe uli ndi sipanala, ine ndikuyang'ana. Nthawi yanu ikakhala masana kuno kumakhala kutada, galaja nditatseka, palibe wondisokoneza.

Ndikuuze zoona, kavidiyo kaja sindinangokaonera kufuna zolakwa. Pali pamene watuluka pakona bwino, injini ikukwera mawu, ndipo ndakumva ukuseka m'kati mwa helemeti. Kuseka kumeneko ndinakumva komaliza tili mu Canter pamlatho wa Bakili Muluzi, m'bandakucha, Shire ali phee pansi, tikupita kukatenga usipa. Chichokereni iwe palibe amene ndimakamba naye za galimoto mpaka pakati pausiku. Yusufu amangofuna kudziwa kuti ikudya mafuta bwanji. Malo aja mumaimika galimoto, anthu atagona pansi pa magalimoto awo, mabokosi a zida ali mbwee, wina akubwereka jeke kwa mnzake, ndinaimitsa kavidiyo pamenepo nthawi yaitali. Pamenepo ndi panga, aise. Ine sindikufuna chiwongolero. Ndikanangokhala pambali ndi geji ya mpweya m'thumba, iwe ukamalowa ndigwire tayala ndimve kutentha kwake. Akuti South Haven ili m'mphepete mwa Lake Michigan. Ndiye unathawa nyanja n'kukapezanso nyanja. Muli chambo m'menemo? Kuno zachepa, zimene zikupezeka ndi tiana, ndipo mtengo wake ukaumva umabwerera ku bonya.

Che Mdala miyendo yatupa, satulukanso. Ndinawaonetsa chithunzi chako, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti mwanayu akudziwa kutsika ndi giya? Ndinati akuphunzira. Canter ija idakali kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira m'kati, ana awo akukangana zoigulitsa kwa a zitsulo. Ine ndawapempha kuti andisungire chiwongolero chokha.

Kope ili ndi la ma job card, ndang'amba masamba omaliza ndipo ndayamba kulemba m'mphepete, ukaona zopindika usadabwe. Ndijambula ndi foni m'mawa kukawala. Ngati pali munthu wobwera kuno pa ukwati wa Asiyatu, umupatsire masipanala a 10, asakhale amodzi, ndi geji ya matayala yabwino. Za roll bar usaiwale. Amayi uwaimbire Lachisanu lisanafike. Ndipo pokhetsa mafutawo usachite wekha, peza munthu woti azikupondera, koma umuuze asafikitse phazi pansi penipeni chifukwa pa galimoto yakale marabala a mu master cylinder, kapampu kokankha mafuta kaja, amang'ambika akafika pamene sanazolowere, ndipo kabotolo kasaume ngakhale kamodzi, uziwonjezera pafupipafupi, ndipo uyambe ndi tayala lakutali.